Amene ankagona pa mabedi a zingwe ku Pompeii

Mabuku onena za Pompeii ndi ambiri kale, moti likatuluka lina munthu umayamba wafunsa kuti kodi chatsala n'chiyani choti tiuzidwe. A Gabriel Zuchtriegel ali ndi yankho limene alembi anzawo alibe, pakuti makiyi a mzindawo amasunga ndi iwo. Akhala mkulu woyang'anira mabwinja a Pompeii kuyambira mu 2021, ndipo zambiri zimene akufotokoza m'buku lawo, The Buried City: Unearthing the Real Pompeii, adaziona zikutuluka m'phulusa iwo ali chilili pomwepo. Bukuli lidayamba kutuluka m'Chijeremani mu 2023, ndipo la Chingerezi, lomasuliridwa ndi Jamie Bulloch, lidafika mu 2025. Ubwino wake ndi chilema chake zonse zikuchokera pa mpando umene mlembiyo akhalapo.

Kwa amene dzinali amangolimvera patali, Pompeii udali mzinda wa malonda kummwera kwa Italy, pafupi ndi pamene mtsinje wa Sarno umathira m'nyanja ya ku Naples. Strabo, Mgiriki wolemba za maiko, adati mzindawu ndiwo udali doko la mizinda ya kumtunda ya Nola, Nuceria ndi Acerrae. Ngalawa zinkatsitsa katundu n'kunyamula vinyo ndi msuzi wa nsomba zovunditsidwa mu mchere, umene Aroma ankathira pafupifupi m'ndiwo iliyonse. M'chaka cha 62 Yesu atabadwa chivomerezi chidagwetsa nyumba zambiri, ndipo zina zidali zisanathe kukonzedwa pamene phiri la Vesuvius lidaphulika m'chaka cha 79. Kwa maola pafupifupi 18 kudavumba timiyala topepuka mpaka madenga kugwa ndi kulemera kwake, ndipo m'mawa mwake kudatsika chimtambo chotentha cha phulusa ndi mpweya chimene chidapha onse amene adatsalira. Mzinda udakwiririka mamita 4 mpaka 6. Pliny wamng'ono, mnyamata wa zaka 17 amene adaonera zonsezi ali kutsidya ku Misenum, ndiye adatisiyira mbiri yake m'makalata awiri opita kwa Tacitus, wolemba mbiri. Amalume ake, Pliny wamkulu, amene ankalamula zombo za nkhondo, adafera pa gombe la Stabiae atapita kukapulumutsa anthu. Kufukula kudayamba mu 1748, ndipo mpaka lero, pa mahekitala 66 a mzindawo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu likadali pansi.

Mlendo wa masiku ano amakwera sitima ya Circumvesuviana ku Naples, kutsika pa siteshoni ya Pompei Scavi, n'kukwera kachitunda kolowera pa chipata cha Porta Marina chimene kale chinkayang'ana kudoko. Nyanjayo idasamuka, poti zimene phiri lidalavula zidakankhira gombe kutali. Alendo otere amafika cha m'ma 4 miliyoni pa chaka, moti kuyambira mu Novembala 2024 oyang'anira adaika malire akuti olowa asapitirire 20,000 pa tsiku. Bukuli likuyambira pa chinamtindi chimenechi, phiri likubwera pambuyo.

A Zuchtriegel akuyamba ndi anthu amene amadwalira m'mabwinjamo. Chaka chilichonse achipatala a pamalopo amathamangira anthu mazanamazana, ena atakomoka, ena mtima utawavuta. Dzuwa ndi miyala ya m'misewu zikhoza kukhala ndi mlandu pa ambiri a iwo, koma mlembi akutikumbutsa za Stendhal, wolemba mabuku wa ku France, amene mtima udamuthamanga mpaka kutsala pang'ono kugwa atatuluka m'tchalitchi cha Santa Croce ku Florence mu 1817, chifukwa cha kukongola kwa zimene adaona. Nthenda imeneyo, imene idadzatchedwa ndi dzina la Stendhal yemweyo, siikuwadetsa nkhawa kwenikweni a Zuchtriegel. Imene akulimbana nayo ndi ina, nthenda yotolera. Wodwala wake amafika ali ndi mndandanda m'mutu: bwalo lalikulu, nyumba yochitiramo uhule, matupi a pulasitala, chithunzi pa foni, kenako ulendo wa ku Sorrento. Ena amatoleradi ndi manja, kubenthula kachidutswa n'kuponya m'chikwama, ndipo ofesi ya oyang'anira imalandira timaphukusi ta anthu obweza timiyala timene adaba, pamodzi ndi makalata odandaula kuti chibwerere kwawo tsoka silikuwachoka. Anzawo ophunzira nawonso sakuwasiya, amene amatha moyo wonse akuwerenga ndi kusanja mapale osadzifunsa kuti mphikawo ankaphikira ndani.

Apa ndikugwirizana nawo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mzinda wonse sungauone m'maola anayi. Komabe n'kosavuta kudzudzula wothamanga pamene iwe ukhoza kulowa mbandakucha zipata zisanatsegulidwe. Munthu amene wasunga ndalama zaka zingapo kuti adzaponde pamenepa kamodzi kokha ali ndi chifukwa chake chotolera, ndipo bukuli likadamuchitirako chifundo pang'ono.

Mutu woyamba ndi wa zosema ndi zojambula, ndipo ndi umene wowerenga wosaleza mtima angalisiyirepo bukuli. Mfundo yake ndi yabwino ndithu. Zimene ife timazitcha luso la Aroma, kwa eni akewo zidali kale zamakedzana ndiponso zakunja. Anthu achuma a ku Pompeii ankadzaza nyumba zawo ndi zotsanzira ntchito za Agiriki za zaka 400 kapena 500 m'mbuyomo, kuti wolowa adziwe kuti pakhomo pano pali anthu otsogola. Chiboliboli cha mkuwa cha mnyamata wosavala, chimene ife tingachiike pamalo okwera n'kumachizungulira mwaulemu, m'nyumba ina ya pafupi ndi msewu wa Via dell'Abbondanza adachipatsa ntchito yonyamula nyale pa madyerero. Pa zithunzi za maliseche ndi zogonana zimene zili mbwee m'makoma, mlembi sakuchita manyazi ndipo sakuseka. Mafumu a ku Naples adazitsekera m'chipinda chobisika cha nyumba yosungiramo zakale, chimene chidatsegulidwa kwa onse m'chaka cha 2000, ndipo alendo ambiri lero amaziona ngati umboni wakuti Aroma adali anthu omasuka. Bukuli likufunsa kuti womasukayo adali ndani. Adali mwamuna, mfulu, wa chuma chake. Thupi la kapolo, wamkazi kaya wamwamuna, lidali katundu wa mbuye wake, ndipo nthano zambiri za milungu zimene zidakongoletsa zipinda zodyera ndi nthano za kugwirira. Wofuna kudzionera yekha akalowe m'nyumba ya abale a Vettii, imene idatsegulidwanso mu Januwale 2023 itatsekedwa zaka 20. Eni ake akuganiziridwa kuti adali akapolo omasulidwa amene adadzalemera, koma pa khoma la polowera wina adakandapo dzina la Eutychis, wa Chigiriki, ndi mtengo wake: makobiri awiri amkuwa, ndalama yogulira chikho cha vinyo wabwinoko m'malo omwera a mumzindamo.

Chimene chikuchedwetsa mutuwu ndi mlembi mwini. Tikumva za ubwana wawo m'mudzi wa kummwera kwa Germany, za tchalitchi, za piyano, za mmene adakopekera ndi zinthu zakale. Iwo akuti wofukula mabwinja aliyense ali ndi chimene chimamukankha mumtima, ndipo n'kwabwino kuchiulula kusiyana ndi kunamizira kuti sayansi ilibe mwini. N'zoona. Koma pali masamba ena pamene wowerenga amalakalaka kuwapempha kuti asunthe pakhomo kuti aone m'nyumba.

Mutu wachiwiri ukutitulutsa kunja kwa linga, kupita ku Villa dei Misteri, chinyumba chimene chidayamba kufukulidwa mu 1909 ndipo Amedeo Maiuri adadzapitiriza ntchitoyo mu 1929 ndi 1930. M'chipinda chimodzi makoma ndi ofiira psuu, ndipo pamenepo pajambulidwa anthu a msinkhu wotsala pang'ono kufanana ndi wathu. Kamnyamata kakuwerenga mpukutu mayi wina atakhala pambali pake. Mulungu Dionysus watsamira pa mkazi, thupi lili lende. Wina wagwada, akuvundukula chinthu chophimbidwa m'lichero. Cholengedwa chamapiko chakweza chikoti, ndipo mtsikana wovula msana wabisa nkhope pa miyendo ya mayi wamkulu. Pambali pake wina akuvina, ndipo chakumapeto mtsikana akukonzedwa tsitsi. Zithunzizi zidajambulidwa zaka makumi angapo Yesu asanabadwe, ndipo akatswiri akangana nazo zaka zoposa 100. Maiuri ndi ambiri omutsatira adati uwu ndi mwambo wolowetsa munthu m'zinsinsi za Dionysus, chipembedzo chimene nyumba ya malamulo ya ku Rome idachiopa mpaka kuchiikira malamulo okhwima m'chaka cha 186 Yesu asanabadwe. Paul Veyne, wolemba mbiri wa ku France, adati palibe chinsinsi chilichonse apa, ndi mkwatibwi chabe akukonzekera ukwati. A Zuchtriegel akutiyendetsa mu mkanganowu bwinobwino, ndipo akuonetsa mmene katswiri aliyense amaonera pa khomalo zimene wabwera nazo mumtima mwake.

Wowerenga wa ku Dedza kapena ku Mchinji amene amadziwa za tsimba ndi anamkungwi akhoza kudabwa kuti mkanganowo watalikiranji. Kulanga namwali ndi kumukonzekeretsa banja sizikhala nkhani ziwiri, ndipo za kutsimba sazijambula pamene alendo amadyera. Zojambula za chinamwali za ku Chongoni zili m'mapanga a m'mapiri, kutali ndi maso a munthu wamba. Ngati mwini nyumba ya ku Pompeii adalola kuti zithunzizi zikhale pa khoma loonekera, ndiye kuti adajambulitsa zimene zidali zololedwa kuonedwa, ndipo chinsinsi chenichenicho, ngati chidalipo, chidapita ndi eni ake. Kufanizaku kusapitirire apa, poti Aroma si Achewa, koma kukuthandiza kuwerenga mutuwu popanda kuyembekezera kuti mlembi atiululira chimene palibe wamoyo akuchidziwa.

Mtima wa bukuli uli m'mutu wachitatu, ndipo chifukwa cha mutu umenewu wokha bukuli n'loyenera mtengo wake. Mamita pafupifupi 700 kumpoto kwa linga la mzinda, pamalo otchedwa Civita Giuliana, pali nyumba yaikulu ya kumunda imene mbava za zinthu zakale zidaiboola ndi ngalande za pansi kwa zaka zambiri. Mu 2017 ofukula a boma adayamba kukumba pamenepo mogwirizana ndi ozenga milandu a ku Torre Annunziata, kuti awadulire njira akubawo. Kumayambiriro kwa 2021 adapeza galeta la pa zikondwerero lokongoletsedwa ndi mkuwa, nyuzipepala za dziko lonse n'kulemba. Mu Novembala chaka chomwecho adapeza kachipinda ka masikweya mita 16, ndipo a Zuchtriegel akuti aka ndiko kofunika koposa.

Kuti timvetse zimene adaona, tiyambe ndi luso la Giuseppe Fiorelli la mu 1863. Phulusa lotentha lija litauma lidakhala lolimba, ndipo chilichonse chimene chidaola mkati mwake, kaya thupi la munthu, thabwa kapena nsalu, chidasiya mphako ya maonekedwe ake. Ukathira pulasitala wamadzi m'mphakomo n'kudikira kuti aume, kenako n'kupala phulusa, chinthu chija chimabwereranso. Umu ndi mmene m'kachipinda kaja mudatulukira mabedi atatu. Mabediwo ndi mitengo yosemedwa mwachisawawa, yolumikizidwa moti ukhoza kuitalikitsa kapena kuifupikitsa, ndipo pogona pake ndi zingwe zolukidwa, zimene pulasitala adazionetsa pamodzi ndi zizindikiro za nsalu zofunda. Awiri ndi otalika mita 1.7, lachitatu mita 1.4, la mwana. Pansi pa mabedi pali timitsuko ndi mphika wodzithandiziramo usiku. M'makona mwapanikizidwa mitsuko ikuluikulu isanu ndi itatu, pakati pali bokosi la zomangira mahatchi, ndipo mtengo wokokera galeta watsamira pa bedi limodzi. Makoma alibe chojambula n'chimodzi chomwe, ndipo kuwala kumalowera pa kazenera kamodzi kam'mwamba. Anthu atatuwo ankagona mosungira katundu, ndipo m'maso mwa mwini nyumba panalibe cholakwika, poti onse adali katundu. Mu 2023, chaka chimene buku la Chijeremani lidatuluka, kachipinda kena kotere kadafukulidwa pa nyumba yomweyo, momwe adapezamo mbewa ziwiri mu mtsuko ndi khoswe pansi pa bedi. Maunyolo ndi maloko sadapezeke. A Zuchtriegel adafotokoza poyera kuti akapolo ankasungidwa ndi akapolo anzawo, ena atapatsidwa kaudindo ndi bedi labwinoko kuti aziyang'anira anzawo.

Olemba a Chiroma amene mabuku awo adatipeza adali amuna a chuma, ndipo za m'zipinda zotere sadaone chifukwa chozilembera. N'chifukwa chake mlembi akuti kachipindaka kaposa galeta, ndipo ine sindikuona powatsutsira. Masamba amenewa adalembedwa modekha, popanda misozi yokakamiza, ndipo apa pokha mlembi akudziika m'nkhani m'njira yothandiza, monga munthu amene adaima pakhomo pa kachipindako pulasitala akuuma.

Kuchokera apa bukuli likupita kumanda. Mu 2021, kunja kwa chipata cha Porta Sarno, kudapezeka chiliza cha Marcus Venerius Secundio. Uyu adali kapolo wa mzinda, wosamalira kachisi wa Venus, ndipo dzina lake lidali lodziwika kale kuchokera m'mabuku a ngongole a Caecilius Iucundus, wosunga ndalama za anthu. Atamasulidwa adakwera mpaka kukhala mmodzi wa otumikira pa chipembedzo cha mfumu, ndipo pa chiliza chake adalembetsa monyadira kuti adalipirira yekha zisudzo za masiku anayi m'Chigiriki ndi m'Chilatini. Adamwalira ali ndi zaka pafupifupi 60, ndipo m'malo motenthedwa monga mwa mwambo wa akuluakulu a nthawiyo, adaikidwa wathunthu, moti ofukula adapeza tsitsi ndi khutu zikuonekabe. Nkhani yake ikutiletsa kuganiza kuti kapolo aliyense adafera pa bedi la zingwe. Khomo lotulukira lidalipo, lopapatiza, ndipo chiyembekezo cholowa pamenepo chidali chingwe china chomangira otsalawo.

Chiliza chachiwiri ndicho chabweretsa mfundo yolimba mtima kwambiri m'bukuli. Chidapezeka mu 2017 pafupi ndi chipata cha Porta Stabia, chili ndi malemba otalika mamita anayi. Dzina la mwini wake lidaonongeka, ngakhale a Massimo Osanna, amene adali mkulu wa Pompeii nthawiyo, akuganiza kuti ndi Gnaeus Alleius Nigidius Maius. Malembawo akuti munthuyu atafika pa msinkhu wovala chovala cha akuluakulu adakonza phwando la magome 456, lililonse la anthu 15. Akutinso adaonetsa masewera a anthu 416 omenyana ndi malupanga, ndiponso kuti pa nthawi ya njala adagula tirigu n'kumagawira anthu buledi. Mukachulukitsa 456 ndi 15 mupeza 6,840. A Zuchtriegel akuti ngati oitanidwawo adali amuna a mfulu a mzindawo, ndiye mukaonjezapo akazi, ana ndi akapolo, anthu a ku Pompeii ndi midzi yozungulira adafika cha m'ma 45,000, kuposa kwambiri mmene mabuku ambiri akhala akunenera.

Nambala imeneyi ikasintha, mzinda wonse umasintha. Misewu yotakasuka imene mlendo amayendamo lero idali yothithikana. Nyumba zambiri zidali ndi zipinda zam'mwamba zimene zidagwa ndi kuphulika kuja, ndipo m'menemo, ndi kuseri kwa timashopu, ndimo munkagona anthu ambiri. Malo ogulitsira chakudya chophikaphika, okwana pafupifupi 80, amene alendo amawajambula mokondwa chifukwa cha mitsuko yake yomangidwira m'makauntala, adalipo chifukwa osauka ambiri adalibe pophikira. Minda ya m'mbali mwa Vesuvius idadzala mpesa wa malonda, ndiye mzinda wa anthu ochuluka chotero unkadalira tirigu wochokera kwina, ndipo zombo zikachedwa njala inkagogoda. Apa m'pamene doko lija likulowa m'nkhani ngati m'mero wa mzinda. Mlembi akuonetsa Pompeii amene adali kale pa mavuto phiri lisanaphulike, ndipo wachuma wogawa buledi uja ankagula mtendere ndi mavoti pamodzi.

Mfundoyi ndi yokopa, koma yaimirira pa mwendo umodzi. Malemba a pa chiliza adalembedwa kuti atamande wakufa, ndipo otamanda maliro sadziwika ndi kuchepetsa manambala. Sakunenanso kuti onse odya phwandolo adali a ku Pompeii. Munthu wofuna kutchuka akadatha kuitana a ku Nuceria ndi ku Stabiae, ngakhale kuti a ku Nuceria adali atamenyana koopsa ndi a ku Pompeii m'bwalo la masewera m'chaka cha 59, mpaka boma la ku Rome kuletsa masewerawo zaka khumi. Mlembi akudziwa kuti akuyerekeza, koma akafika pa zotsatira zake amayenda ngati nkhani yatha. Ine ndikuvomereza kuti mzindawo udali wodzaza kuposa mmene tinkaganizira. Za 45,000 ndiziika pambali kufikira umboni wina utapezeka. Zofukulidwa za posachedwa zikuikira kumbuyo chithunzi chawo cha moyo wowawa ngakhale sizikutsimikiza nambalayo. Mu Disembala 2023 kudalengezedwa za malo ophikira buledi m'chigawo cha Regio IX, mmene akapolo ndi abulu ankatsekeredwa pamodzi, mazenera ake ang'onoang'ono otchingidwa ndi zitsulo, pansi atagoba tinjira toti bulu womangidwa m'maso azitsata pozungulitsa mphero. Mu Meyi 2024 kudaoneka zojambula za makala za ana aang'ono, zosonyeza anthu omenyana m'bwalo, umboni wakuti ana ankaonerera magazi akukhetsedwa.

Mutu wotsiriza ukubwerera kwa amoyo. Mizinda yozungulira mabwinjawa, monga Torre Annunziata ndi Castellammare di Stabia, ili ndi ulova wambiri ndi mbiri ya magulu a zigawenga, ndipo ana ambiri a kumeneko amakula akuona mabasi a alendo akudutsa iwo osaona kuti za mkati mwa mpandamo n'zawo. A Zuchtriegel adaitana Marco Martinelli, katswiri wa zisudzo wa ku Ravenna, kuti agwire ntchito ndi ana a sukulu a m'deralo, ndipo mu 2022 anawo adachita sewero la Aristophanes lonena za mbalame m'bwalo lalikulu la zisudzo la mzinda wakalewo, makolo awo atakhala pa mipando ya miyala yomwe ija. Ntchitoyi imatchedwa Sogno di volare ndipo idapitirira zaka zotsatira. Mlembi akuinyadira kuposa chofukulidwa chilichonse, ndipo funso limene akudzutsa, lakuti malo otere amapindulira ndani pakati pa mlendo ndi mwana wobadwira pa mpanda, likuyenera kufika pa tebulo la aliyense woyang'anira malo a mbiri, kulikonse kumene ali.

Koma m'mutu womwewu ndimo chilema chija chikuonekera bwino. Pamene nduna ya zachikhalidwe, a Dario Franceschini, idawasankha mu Febuluwale 2021, a Zuchtriegel adali ndi zaka 39, obadwira ku Germany, atayang'anirapo mabwinja a Paestum kuyambira 2015. Akatswiri awiri a m'komiti ya alangizi adatula pansi udindo ponena kuti munthuyo sadakhwime pa ntchito. Bukuli likufotokoza za mkangano umenewu, ndipo likufotokoza mwaulemu, koma wofotokozayo ndi mwini mlandu. Ndi chimodzimodzi pa nkhani ya kasamalidwe ka malowa. Nyumba ina ya m'mabwinjamo, yotchedwa Schola Armaturarum, itagwa mu Novembala 2010, dziko la Italy lidachita manyazi, ndipo kudabwera ntchito yaikulu yokonzanso ya ndalama zokwana mayuro 105 miliyoni, zambiri zochokera ku European Union, imene gawo lake lalikulu lidachitika m'nthawi ya a Osanna. Pompeii amene a Zuchtriegel adalandira adali atachira kale pa matenda ake oopsa. Mafunso ovuta alipo, monga lakuti kodi n'kwanzeru kupitiriza kufukula pamene zofukulidwa kale zikufuna ndalama zozitetezera ku mvula ndi dzuwa, kapena lakuti kulengeza chopezeka chilichonse kwa atolankhani kumathandiza sayansi kapena kugulitsa matikiti. Mkulu amene ali pa mpando sangawayankhe ngati munthu wapadera, ndipo wowerenga azikumbukira zimenezo.

Amene akukonzekera ulendo adziwe kuti ili si buku lolozera njira. Silikuuzani kuti muyambire chipata chiti kapena kuti nyumba iti imatsekedwa liti, ndipo maso ake ali pa Pompeii. Za Herculaneum, kumene mafupa a anthu pafupifupi 300 adapezeka m'zipinda zosungira mabwato pa gombe lakale akudikira chombo chimene sichidafike, mukazifune kwina, chimodzimodzi za nyumba zazikulu za ku Oplontis ndi Stabiae, zimene zili pa mtunda waufupi ndipo sizidzaza alendo. Wofuna kudziwa mwadongosolo za misewu, ndale, chakudya ndi malo osambira a mzindawu apezabe zambiri m'buku la Mary Beard la mu 2008, Pompeii: The Life of a Roman Town, limene limakayikira chilichonse ndipo mlembi wake alibe mpando woti auteteze. Koma buku la Beard lidalembedwa kachipinda ka ku Civita Giuliana ndi ziliza ziwiri zija zisanatuluke.

Chingerezi cha Bulloch n'chosavuta, moti wophunzira wa ku sekondale wokonda mbiri akhoza kuchitsata, kupatula masamba ena a mutu woyamba. The Buried City ndi buku losalingana: mutu woyamba ndi wautali kuposa mfundo yake, wachiwiri ndi wokoma, wachitatu ndi wapamwamba, wotsiriza ndi wochokera pansi pa mtima koma wa mbali imodzi. Ligulani, kapena pemphani laibulale yanu ilipeze, ndipo ngati nthawi ili yochepa yambirani pa mutu wachitatu.